Scotch, Evans, Vienna, Danish kapena King's Gambit: wokonda kuwukira ayambe ndi iti?

Lamulungu lapitali tinakumana pa den pa mnzathu wina ku Rosettenville, kunja kukuzizira ngati mufiriji monga mukumudziwira June wa ku Joni, bodi ya chess tayika pa kreti, ketulo ili pamoto. Nde mnyamata wina amene wangotsika basi pa Park Station miyezi iwiri yapitayo kuchokera ku Mangochi anafunsa kuti, "achimwene, ine kuyendetsa ndimatha koma ndikangoti e4 mnzanga n'kuti e5 mutu umayima, nditani kuti ndizimuyatsira moto munthu asanakhazikike?" Eee funso limenelo linautsa mapiri pachigwa. Tinalipo anthu asanu, mayankho anatulukanso asanu, wina mpakana kuyimirira akulumbira kuti King's Gambit ndiye chess yeniyeni zinazi ndi masanje. Ine sindinayankhule zambiri tsiku limenelo chifukwa ndinali nditangodyedwa magemu awiri, munthu woluza sapatsidwa mpata pabwalo, nde ndati ndilembe pano maganizo anga bwinobwino.

Poyamba timvane kalembedwe, kuti tisasocheretsane. N ndi hatchi, B ndi bishopu, R ndi ruku, Q ndi kwini, K ndi mfumu, poni ilibe chilembo timangolemba pomwe yapita. Ukaona x ndiye kuti wadya, ukaona + ndi cheki, 0-0 ndi castling kubisa mfumu kuja. Kabokosi kalikonse kali ndi dzina la chilembo (a mpaka h) ndi nambala (1 mpaka 8) ngati e4, ukaona madontho atatu ngati 5...d5 ndiye kuti ndi muvu ya wa zakuda, ndipo mate ndi pomwe mfumu ili pa cheki yasowa kothawira, gemu yatha.

Njira zonse zisanuzi zikulimbirana malo amodzi, timabokosi tinayi ta pakati pa bodi, e4, d4, e5 ndi d5. Pakatipa pali ngati pa Bree kapena pa Noord, ukakhala pamenepo taxi yopita kulikonse umayipeza, koma ukakhala kumathero a Orange Farm uyambe kaye wabwera m'tauni. Hatchi ikayima pakati imaloza mabokosi 8, ikakhala pakona imaloza awiri okha. Nde wa zoyera akaika poni pa e4 maloto ake amakhala oti ayikenso ina pa d4, ziwirizo zikayima limodzi zida za mnzako zimasowa popondera. Vuto ndi poni ya zakuda ili pa e5 ija, imalondera d4 ngati gadi wa pageti. Kusiyana kwa ma opening amenewa, njira zoyambira gemuzi, kwagona apa basi: gadi ameneyu umuchotsa bwanji, ndipo ulipira zingati.

Ndiyambe ndi yotchipa mutu koma yodula maponi, Danish Gambit. Gambit ndi kupereka poni dala kuti zida zako zituluke msanga. Imapita chonchi, 1.e4 e5 2.d4 exd4 3.c3 dxc3 4.Bc4 cxb2 5.Bxb2. Taonani bodi pamenepo, wapereka maponi awiri koma mabishopu ako onse ali pamzere wautali akuyang'ana kumene mfumu ya mnzako ikufuna kukabisala, pomwe iye sanatulutse chida olo chimodzi, wangoyendetsa poni imodzimodzi ikudya ngati ili pa ukwati. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Dzinali linabwera chifukwa cha Martin Severin From wa ku Denmark amene anayisewera pa mpikisano wa ku Paris mu 1867. Pa magemu a 3 minitsi pafoni, ndi anthu amene sanayionepo, Danish imapha ndithu, kwini apita b3 kapena g4, f7 ndi g7 zikulira, pofika muvu 15 munthu wagwetsa mfumu.

Koma ine ndinayisiya, ndipo ndikuuzani tsiku lake. Ndinali ku Joubert Park komwe madala amasewera kuyambira kalekale, ndinakhala ndi bambo ena achikulire a ku Zimbabwe, jekete yakutha, osayankhula. Ndinapereka maponi anga awiri ndikumwetulira, iwo osaganiza n'komwe anangokankha 5...d5. Ndadya 6.Bxd5, iwo Nf6, ine ndikuona ngati ndawapeza 7.Bxf7+ Kxf7 8.Qxd8, kwini wawo ndatenga, ndikuyang'ana anthu oonerera kuti aone zomwe mwana wa ku Malawi akuchita. Iwo Bb4+ basi. Bishopu wachoka panjira, ruku yawo ikuyang'ana kwini wanga, ine ndili pa cheki. 9.Qd2 Bxd2+ 10.Nxd2, makwini onse atuluka, maponi asanu asanu, moto wonse uja wazima ngati load shedding, ndipo endgame yake, kumapeto kuja zida zitatsala zochepa, anandikoka pang'onopang'ono mpakana ndinatopa. Mzere umenewu ndi wakale, unatchuka ndi Carl Schlechter, ndipo aliyense wosewera ku kilabu amaudziwa. Ena safuna n'komwe zonsezo, amangoti 3...d5 pomwepo. Nde Danish ili ngati kanyenya wa pamsewu, kukoma inde koma sungalere naye banja.

King's Gambit ndiye ija mnzathu amalumbirira. 1.e4 e5 2.f4. Apa gadi uja ukumunyengerera kuti achoke pageti adzadye za pambali, akadya exf4 pakati patsala iwe, d4 ibwera, kenako ukabisa mfumu ruku yako ili pamzere wa f ikuyang'ana f7. Pulani yake ndi yokongola ndipo mbiri yake ndi yomwe imaledzeretsa anthu. Mu 1851 ku London Adolf Anderssen anasewera ndi Lionel Kieseritzky gemu yocheza chabe, anapereka bishopu, maruku onse awiri ndi kwini yemwe, n'kumaliza ndi mate pa muvu 23 pogwiritsa ntchito tizida titatu totsala. Mu 1960 ku Mar del Plata Boris Spassky anamenya nayo Bobby Fischer, moti Fischer zinamuwawa mpakana chaka chotsatira analemba nkhani yonena kuti opening imeneyi ndi yoluza, mankhwala ake akuti ndi 3...d6 pambuyo pa 3.Nf3.

Chomwe mnzathu uja sanena ndi chakuti poni ya f ndi chitseko cha kuchipinda kwa mfumu yako. Ukangoikankha mzere wa h4 mpaka e1 watseguka, ndipo kwini wa zakuda amangodikira mpata wa Qh4+. Ndaona anthu ambiri akugwa mu dzenje ili, 2.f4 Bc5 nde iwe ukuona poni ya ulele 3.fxe5, mnzako Qh4+, ukatseka ndi g3 akudya e4 ndi cheki ruku ya pa h1 yapita, ukathawa ndi mfumu pa e2 ndiye Qxe4 ndi mate pomwepo. Muvu yachinayi amwene, tiyi asanazizire. Kupatula apo wa zakuda ali ndi mayankho ambirimbiri ndipo onse ndi osiyana, pali 2...d5 ya Falkbeer yokubwezera moto, pali 3...g5 yogwira poni ija zolimba pomwe umafunika udziwe 4.h4 g4 5.Ne5 ndi zotsatira zake, pali d6 ya Fischer ija. Yonseyi uyenera kuiwerenga. Tsono tiyeni tinene zoona, ambirife timadzuka 4 koloko kuthamangira taxi, ena tili pa shifiti ya usiku, ena m'magaladeni ku Randburg mpakana dzuwa kulowa, nthawi yoloweza mizere khumi uyitenga kuti? Ine King's Gambit ndimayilemekeza ngati kachasu wa kumudzi, ndimadziwa mphamvu yake, koma sindingamupatse mwana wongoyamba kumene.

Ngati mtima wako ukufunabe f4, pali mng'ono wake wofatsirapo, Vienna. 1.e4 e5 2.Nc3 Nf6 3.f4. Kusiyana kwake ndi muvu imodzi yokha koma imasintha zambiri. Munthu akadya mwachizolowezi 3...exf4 iwe ukankha 4.e5, hatchi yake ya pa f6 ija ikusowa kolowera chifukwa d5 ndi e4 hatchi yako ya pa c3 yagwira, g4 ndi h5 kwini wako akuona, nde nthawi zambiri imabwerera kwawo pa g8 ngati munthu amene wabwezedwa pa Beitbridge. Iwe 5.Nf3 kutseka nkhani ya Qh4+ ija, kenako d4, kenako bishopu adya f4, poni yako yabwerera ndipo pakati ponse ndi pako. Pa Lichess ndi Chess.com, malo osewerera pa intaneti aja, anthu a level yathuyi amagwa mmenemu tsiku ndi tsiku, ine ndakweza nayo rating yanga ndili pa geti usiku bwana atagona.

Yankho lolondola ndi 3...d5, ndipo amene amalidziwa amaliponya mosachedwa. Zikatero 4.fxe5 Nxe4 gemu yafanana, palibe wafa, umangotulutsa zida Nf3, mwina Qf3 ngati umakonda zovutavuta, mzere wa f ukadali wako woti udzagwiritse ntchito kutsogolo. Nde Vienna ubwino wake ndi umenewo, mnzako akalakwitsa walemera, akapanda kulakwitsa sunasauke. Pomwe imandibowa ndi pamene munthu wayankha 2...Nc6 m'malo mwa Nf6, chifukwa apo e5 yokankha hatchi ija palibe, ukati f4 wabwereranso ku mavuto a King's Gambit, nde ambiri amangoti 3.Bc4 ndi d3 n'kumadikira, zomwe si zoipa koma moto uja wachepa. Dzina lake ndi la mzinda wa Vienna komwe Carl Hamppe ankayisewera zaka za m'ma 1800, Wilhelm Steinitz nayenso ankayikonda.

Tsono Evans Gambit, iyi nde ndimayikonda ndi mtima wonse ndipo ndikhalapo pang'ono. 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Bc5 4.b4. Munthu woyamba kuiona amadabwa kuti poni ya kumphepete ikukhudzana bwanji ndi pakati. Taonani, 4...Bxb4 5.c3, bishopu uja akuyenera kuthawanso, tinene Ba5, iwe 6.d4. Wagula nthawi. c3 umayifuna kale kuti ichirikize d4, koma apa wayisewera mnzako akutaya muvu pothawa, nde mtengo wake ndi poni imodzi yokha ya b imene sinali pantchito. Komanso kuchoka kwa poni imeneyo pamodzi ndi c3 uja kwatsegula njira ziwiri, kwini apita b3 kukathandizana ndi bishopu wa pa c4 kuloza f7, bishopu winayo apita a3 kukatseka f8 kuti mfumu ya mnzako isabisale. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mu Evans zala zonse zimafika nthawi imodzi, nchifukwa chake ndimati ndi sukulu yabwino yophunzirira kuwukira kusiyana ndi kungotulutsa kwini yekha n'kumayembekeza mate ya ana asukulu.

Anayiyambitsa ndi William Davies Evans, kaputeni wa sitima zapamadzi wa ku Wales, ndipo gemu yake yodziwika ndi yomwe anamenya Alexander McDonnell ku London cha m'ma 1820. Anderssen yemwe uja anapanga nayo gemu ina yotchuka ndi Jean Dufresne mu 1852. Kenako inazilala chifukwa Emanuel Lasker anaonetsa njira yozizira mtima, osakakamira poni, 6...d6 7.0-0 Bb6, iwe ukadya pa e5 makwini asinthana, poni yako wabweza inde koma watsala ndi maponi omwazikana pa a2 ndi c3 ndipo wowukira palibe. Nchifukwa chake masiku ano ambiri pa d6 amaponya 7.Qb3 msanga asanabise mfumu. Anthu ankati yatha ntchito mpakana 1995 ku Riga pomwe Garry Kasparov anayitulutsa pa Viswanathan Anand n'kumumaliza mu mamuvu 25. Tangoganizani, Anand, munthu amene chaka chomwecho anakalimbirana naye ufumu wa dziko lonse ku New York.

Chilema chake n'chimodzi koma chachikulu. Evans imafuna chilolezo cha mnzako. Akapanda kusewera 3...Bc5 n'kuti 3...Nf6, b4 yako ilibe ntchito, uyenera kukhala ndi pulani ina, kaya 4.Ng5 yolozera f7, kaya 4.d4, kaya 4.d3 yofatsa. Akhozanso kukana mphatso ndi 4...Bb6, apo umangoti a4 n'kumapitiriza, si zoopsa. Koma zikutanthauza kuti ukasankha Evans wasankha ma opening awiri, ndipo ine ndawerenga magemu anga a pafoni, theka la anthu amandipatsa Nf6.

Yomwe ndinamuuza mnyamata wa ku Mangochi uja titatsala awiri pokwera taxi ndi Scotch. 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.d4 exd4 4.Nxd4. Palibe kunyengerera, palibe chiphuphu, gadi uja wangomugunda maso ndi maso muvu yachitatu, mwasinthana poni, iwe watsala ndi e4 pakati ndi hatchi pa d4, iye pakati alibe kanthu. Sunapereke kalikonse. Mabishopu onse awiri njira zawo zatseguka, mfumu yako chitseko chake chili chotseka, ndipo chachikulu ndi chakuti mnzako sangakuthawe, akangoti e5 ndi Nc6 basi walowa m'nyumba mwako. Dzinali linachokera pa mpikisano wa pa kalata pakati pa Edinburgh ndi London umene unayamba 1824 n'kutha 1828, zaka zinayi kudikirana mamuvu pa positi, ife tikudandaula netiweki ikachedwa masekondi asanu kkkk. Chosangalatsa n'chakuti a London ndi amene anayamba kuisewera, a Edinburgh anaikonda n'kuwabwezera, anawina mpikisano ndipo dzina linapita kwa iwo. Kwa zaka zambiri akatswiri ankayiona ngati yophweka kwambiri mpakana Kasparov anayidzutsa mu 1990 polimbana ndi Anatoly Karpov, anawina nayo gemu ya 16 ku Lyon, gemu yotalika mamuvu 102. Nambala imeneyo muisunge, ikukuuzani kuti Scotch si ya mate ya msangamsanga yokha, mnzako akalimba umakhala udakali ndi nyumba yoti ukhalemo.

Zoti uphunzire ndi zochepa moti zimakwana ulendo umodzi wa taxi kuchoka m'tauni kupita ku Diepsloot. Anthu ambiri a level yathu amadya 4...Nxd4 5.Qxd4, ndipo apa kondwera, kwini wako wakhala pakati ndipo hatchi yomwe ikanamuthamangitsa yatuluka kale m'bodi, akayesa c5 wangodzibowolera d5 ndi d6. Iwe Nc3, bishopu atuluke, ubise mfumu mbali ya kwini ngati ukufuna ndewu, maponi a mbali inayo ayambe ulendo. Akasewera 4...Bc5 umatchinjiriza ndi 5.Be3, iye Qf6, iwe c3, zida zako zonse zikuyang'ana d4 palibe chogwa. Akasewera 4...Nf6 pali njira ziwiri, ya Kasparov ndi 5.Nxc6 bxc6 6.e5 Qe7 7.Qe2 Nd5 8.c4, yokoma koma yoterera, makwini atsekereza mabishopu mbali zonse ndipo ukapanda kuidziwa umasochera. Wongoyamba angoti 5.Nc3, iye Bb4, 6.Nxc6 bxc6 7.Bd3, kubisa mfumu, basi gemu ili bwinobwino. Imene imadzidzimutsa ndi 4...Qh4, kwini watulukira e4 yako, ndipo ine koyamba ndinanjenjemera n'kuyamba kuteteza mpakana zida zanga zinapiringizana. Mankhwala ake ndi kusaumira, ilekeni poniyo ipite, hatchi ilumphire b5 ikaloze c7, mfumu yake nthawi zambiri imakakamizika kupita d8 ndipo imagona panja gemu yonse.

Ndipo tsiku lomwe magazi akuwira, Scotch yomweyo ili ndi makomo a gambit mkati mwake, sufunika kusamuka. M'malo modya pa d4 ukhoza kuti 4.Bc4, imeneyo ndi Scotch Gambit, kapena 4.c3 ya Göring imene ili ngati Danish koma hatchi zitatuluka kale. Nde umayamba ndi nsima yako ya tsiku ndi tsiku, ndiwo n'kumasintha malinga ndi amene wakhala naye pa bodi. Bambo a jekete aja a ku Joubert Park ndikakumana nawonso ndidya pa d4 mwaulemu, koma mnzathu wolumbira uja ndimupatsa c3 aone.

Wina anena kuti nanga bwanji anthu akuluakulu ngati Kenny Solomon, grandmaster woyamba wa South Africa, kapena Amon Simutowe wa ku Zambia, kapena Watu Kobese wa ku Soweto konkuno, iwo amasewera chani? Abale, amenewo chess ndi ntchito yawo, amakhala ndi nthawi yokonzekera munthu mmodzimmodzi. Ife funso lathu ndi lina, ndi opening iti imene ndingaigwire ndi mutu wotopa Lachisanu usiku, ndipo mnzanga akadziwa yankho lake ndisatsale maliseche. Pa muyezo umenewo Danish ndi King's Gambit zimagwa, ina chifukwa yankho lake ndi lophweka, inayo chifukwa mayankho ake ndi ochuluka. Vienna ndi Evans zimadutsa koma iliyonse ili ndi khomo lomwe mnzako angatulukire. Ngati umasewera blitz yokhayokha pafoni, magemu a mphindi zochepa aja, ndinganene kuti Vienna ikupatsa mawini ambiri msanga kuposa Scotch, zimenezo sindikana. Koma pa bodi yeniyeni, pomwe munthu ali ndi mphindi zoganiza ndipo mawa mukumananso, misampha imatha, amakhala waiona kale.

Chinanso, si onse adzakuyankhe e5. Kuno ana a sukulu amene amaphunzitsidwa ndi makochi amakonda Sicilian, 1...c5, ndipo pamenepo zonse ndalemba pamwambazi sizigwira. Wokonda Danish amathamangira Smith-Morra, 2.d4 cxd4 3.c3, poni imodzi kugula mizere ya c ndi d, ndipo kunena zoona imeneyi ndi yolimba kuposa Danish, ngakhale mwini dzina Ken Smith analuza nayo magemu atatu ku San Antonio mu 1972. Ine ndimangoti 2.c3 kenako d4, maganizo omwe aja a maponi awiri pakati popanda kulipira. Ukati e4 iye n'kuti e6 kapena c6, ika d4 pomwepo, wakupatsa yekha.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti miyezi itatu asagwire china chilichonse, Scotch yokhayokha, gemu iliyonse akaluza abwerere aone muvu yomwe zinayamba kupotoka, mapanga awiri avumbwitsa. Dzulo wanditumizira screenshot pa WhatsApp cha m'ma 2 koloko usiku, wina wamuponyera Qh4 ija, iye wateteza e4 ndi Qd3 ndi Nd2 mpakana bishopu wake kusowa potulukira, waluza mu mamuvu 19. Ndamuuza abwere Lamulungu ndi bodi, tikayambira pa Nb5.